Mkazi wa Njoka mu Sutikesi ya Amayi

Amayi anagwira ntchito kwa amwenye ku Limbe zaka zambiri, kuchapa, kusita ndi kusenda adyo mpaka zala kununkha. Ife ana awo awiri tinkakulira kwa anganga. Tsiku limene amayi anabwerera kumudzi kuno, chakumtunda kwa Mbulumbuzi, anatsika basi ndi sutikesi imodzi yokha. Anzawo amene anagwirapo ntchito m'tauni ankabwera ndi wailesi kapena makina osokera, choncho anthu anati abwera chimanjamanja. Amayi sanawatsutse. Pansi penipeni pa sutikesiyo, m'kati mwa mpango wofiira, munali tizithunzi tisanu, ndipo amene tinkadziwa za timeneti tinali atatu basi: amayi, achemwali anga aakulu ndi ine.

Anawapatsa ndi mayi ake a bwana wawo, agogo achimwenye amene maso anali atayamba kuwavuta. Amayi ankawasisita miyendo ndi mafuta pakhonde la kuseri, ndipo agogowo ankaimba. Ndi iwo anawauza, m'Chinyanja chawo cha m'sitolo chija, kuti kwawo nyimbo ndi munthu. Ili ndi nkhope, ili ndi nthawi yake patsiku kapena pachaka, ndipo amaitcha raga. Anthu akale kumeneko anaona kuti kumva kokha sikukwanira, ndiye anayamba kuzijambula nyimbozo kuti azizionanso ndi maso. Banjalo posamukira ku Ulaya, agogowo anawagwiritsa amayi mpangowo n'kunena kuti adzukulu awo sadziwa kuimba, amangodziwa mpira.

Kachithunzi kalikonse kanali kongokwana pachikhatho, kojambula pamanja, m'mphepete mwake muli utoto wagolide. Ukayandikiza diso unkaona tsitsi limodzilimodzi ndi mikanda ya m'khosi umodziumodzi. Akuti burashi yake inali ya ubweya wa gologolo. Mayina achimwenye amayi anawaiwala onse, ndiye tizithunzito anatitcha mayina awoawo. Panali wa agwape, mkazi woimba ndodo ya nsambo yokhala ndi chipanda uku ndi uku, agwape atamuzungulira. Panali wa mvula, amene akuthamangira m'nyumba mitambo itada, mbalame ya mchira wautali ija yotchedwa pikoko ikulira padenga. Panali wa katungwe. Panali wodikira, atagona pabedi maso ali kukhomo, ndipo achemwali ankakonda kundinyogodola kuti ameneyo ndine chifukwa ndinali waulesi podzuka.

Wachisanu anali wa njoka. Ameneyu anali wakuda ngati ife tomwe, wovala siketi ya masamba, atakhala pamwala pamwamba pa kaphiri kofanana ndi phiri lathu la Chiradzulu. Njoka zinkatsika m'mitengo kubwera kwa iye, ina itazinga dzanja lake, iye ali phee, nkhope yosaopa komanso yosaseka. Nyimbo yake inali ya m'mawa dzuwa litakwera, nthawi yoweruka kumunda. Inalibe mawu. Siinkakwera ndi kutsika mwadongosolo ngati za kwaya, inkangotsetsereka, n'kukaima pamalo amene khutu silikuyembekezera, ndipo mtima unkachita ngati wakumbuka maliro akale.

Amayi ankatulutsa kachithunzi kokhako kamene nthawi yake yakwana. Ankasamba m'manja kaye, n'kutseka chitseko, zenera n'kusiya lotsegula kuti tione bwino. Pa nkhani ya nthawiyi sankasewera. Tsiku lina achemwali anayamba kung'ung'udza nyimbo ya mvula tikukolola, amayi anawagenda ndi chitsononkho. "Iwe, ukufuna kutiolera chimanga?" Tinaseka mpaka misozi. Koma kunena chilungamo, woimba bwino mwa atatufe anali achemwali, makamaka ya njoka ija. Akaiyamba amayi ankasiya kuimba n'kungotseka maso. Ine ndinkachita nsanje, ndipo sindikubisa.

Chifukwa chotsekera chitseko tinkachidziwa popanda kuuzidwa. Amayi ankaudziwa mudzi wawo. Kuno munthu wosunga njoka m'nyumba, ngakhale ya papepala, safunsidwa kawiri.

Tinakula. Achemwali anakwatiwa n'kubereka ana aakazi atatu. Nanenso ndinakwatiwa, koma mwana sanabwere, ndipo patapita zaka zisanu ndi ziwiri mwamuna uja anamanga bulangete pa njinga yake n'kubwerera kwawo, monga amachitira mkamwini akatopa. Ndinatsala ndi munda, nkhuku ndi kwaya. Kwaya ya kumpingo kwathu ndinkaiphunzitsa ndine, ndipo anthu ankadabwa kuti khutu lotere ndinalitenga kuti, poti sukulu sindinapite nayo patali. Ndinkangoti ndi mphatso. Ndikanawauza bwanji kuti ndinaphunzira kumvetsera nditagwada pansi m'nyumba yotseka, ndikuyang'ana mkazi wa agwape?

Manong'onong'o okhudza amayi anayamba chifukwa cha nandolo. Zaka zimene wa ena ankayoyoka maluwa, wa amayi ankabereka mpaka nthambi kugwada. Chinsinsi chake chinali zitosi za nkhuku, mbewu yosungidwa m'phulusa ndi kulawirira kumunda, koma zimenezo n'zotopetsa kukhulupirira. Chapafupi n'kunena kuti mayi uja amakawa, ali ndi njoka imene imakatuta za m'minda ya anzake usiku. Wina anati anaiona ndi maso ikulowa pansi pa nkhokwe yathu. Nkhokwe iti m'mudzi muno imene njoka siinalowepo kufuna makoswe? Amayi atayamba kutupa miyendo, omwewo anati njokayo yayamba kuyamwa mwini wake.

Patatsala masabata ochepa kuti atisiye, amayi anatiitana tonse awiri. Anali atakhala pa mphasa kuothera dzuwa, poti inali nyengo yozizira.

"Zitenje ndi mbale adzagawa atsibweni anu," anatero. "Koma tizithunzi tija ndi ta mng'ono wakoyu. Iwe uli ndi ana okusangalatsa. Wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha achemwali. Anagwiranso dzanja langa.

Mwambo wathu ndi wakuti katundu wa malemu sakhudzidwa kufikira tsiku lometa. Patsikulo abale amasonkhana, atsibweni amakhala pa mphasa, amatsegula chilichonse pamaso pa onse n'kugawa. Munthu wotenga kanthu lisanafike tsikulo amatchedwa wakuba za akufa, ndipo dzina limenelo silichoka. Kiyi amasunga mwana wamkazi wamkulu. Ndiye m'mawa mwake titaika maliro ndinawapeza achemwali kuseri kwa khitchini akutsuka mapoto obwereka, kiyi wa sutikesi ali pa chingwe m'khosi mwawo.

"Achemwali, mpango uja. Akautsegula pagulu tatha."

"Ndaganiza kale zimenezo."

"Nde muchotsa?"

"Iwe usadandaule. Ndichotsa tonse, ndikubisira mu ufa kwanga. Anthu akabalalika udzatenga."

Ndinachoka mtima uli m'malo. Ndinkadziwa kuti ndawapempha chinthu chovuta, makamaka nthawi imeneyo, chifukwa mwana wawo woyamba anali pa chitomero ndi mnyamata wa banja lopemphera kwambiri la cha ku Magomero, ndipo akuchimuna ankatiyang'ana ndi maso anayi. Koma anali achemwali anga, amene ankandibereka kumsana amayi ali ku Limbe. Sindinawafunsenso kachiwiri.

Tsiku lometa kunali anthu ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Ena anabwera kudzatipepesa, ena kudzaona zimene zili mu sutikesi ya mayi wokawa. Panalinso akulu ampingo awiri, ndiponso azakhali ake a mnyamata wa ku Magomero uja, atakhala kutsogolo ndi mpango woyera. Atsibweni, mchimwene wawo wa amayi, anali munthu wofatsa, wosoka nsapato, wosakonda milandu. Analandira kiyi kwa achemwali, anavutika pang'ono ndi loko wadzimbiri, n'kutukula chivundikiro.

Mpango wofiira unali pamwamba penipeni, womasulamasula. Ndipo pamwamba pa tizithunzi tonse, moyang'ana kumwamba, panali mkazi wa njoka.

Amayi sanasungepo chotero. Mpango unkakhala pansi pa zitenje zonse, womanga mfundo ziwiri, ndipo wa njoka ankamuika pakati, chafufumimba. Zimenezi ndinaziona nthawi yomweyo, koma mutu unakana kuzilandira. Ndinaganiza kuti mwina achemwali anayamba kuchotsa wina n'kuwadzidzimutsa. Mpaka pamenepo ndinali ndikuwafunira chifukwa.

Atsibweni ananyamula kachithunziko ndi zala ziwiri, kutali ndi thupi. Azimayi a kutsogolo anasuzumira, wina anakuwa kuti "Mayo!", ndipo mawu anayenda mpaka kumbuyo kuti yapezeka, njoka ija yapezeka.

"Ana inu," anatero atsibweni, "ichi n'chiyani?"

Achemwali anaweramitsa mutu. Ndinaimirira ine.

"Ndi nyimbo, atsibweni."

"Nyimbo?"

"Eya. Anawapatsa ndi agogo achimwenye ku Limbe. Kwawoko nyimbo amazijambula. Uyu ndi wa mvula, uyu wa agwape. Palibe mankhwala apa, ndi utoto basi."

"Nanga nyimbo imakhala ndi njoka?" anafunsa azakhali a mpango woyera aja. "Ifetu timaimba nyimbo tsiku ndi tsiku, sitinaionepo njoka."

Anthu anaseka kuseka koipa. Ndinakwiya. Ine ndine wopsa mtima, ndipo ndikapsa mtima nzeru zimathawa. Ndinaganiza kuti akangoimva aona okha kuti ndi nyimbo chabe, yokoma kuposa zambiri zimene amaimba. Dzuwa linali litakwera, inali nthawi yake yeniyeni. Ndiye ndinatsegula pakamwa n'kuyamba kuimba.

Lero ndikakumbuka ndimafuna kudzimenya. Tangoganizani: pabwalo la maliro, mitu yometa kumene, mkazi wopanda mwana waimirira pafupi ndi chithunzi cha njoka, akuimba nyimbo yopanda mawu, yotsetsereka, imene palibe anaimvapo chibadwire. Kwa ine inali nyimbo ya amayi. Kwa iwo ndinali ndikuitana. Ndinaona azimayi akukweza miyendo n'kukokera ana pamiyendo pawo. Amuna anatembenuka kuyang'ana kunkhokwe. Mkulu wa mpingo wina anayamba kupemphera mokweza. Ndinasiya kuimba.

"Achemwali," ndinatero, "tandithandizani. Inu ndi amene mumaitha bwino. Auzeni anthuwa."

Anadzutsa mutu. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana azakhali aja.

"Ine zimenezi ndikuziona lero," anatero. "Amene ankatsekeredwa m'nyumba ndi amayi ndi uyu. Ine ndinkakhala kumunda."

Sindinalire, sindinatukwane. Ndinangokhala pansi pomwepo. Atsibweni anandiyang'ana mwachisoni, koma anthu anali ataimirira kale, ndipo munthu wosoka nsapato sangatseke mtsinje. Anthuwo anatengera tizithunzi tonse tisanu kuseri kwa nyumba, anathira palafini, mkulu wa mpingo anapemphera, wina anakhwatcha machesi. Sizinatenge nthawi, poti anali mapepala. Mpango wofiira anauponyanso pomwepo. Ndinamva fungo lake ndili pa mphasa, ndipo sindinadzuke kukaletsa. Zimenezo ndi zanga, sindingazikankhire kwa munthu.

Kenaka kugawa kunapitirira ngati palibe chachitika. Zitenje za amayi anthu ankazikana, mpaka achemwali anatenga chimodzi n'kuvala pomwepo kuti aonetse kuti saopa. Azakhali aja anawagwira paphewa n'kuwauza kuti alimbe mtima, banja lililonse lili ndi mtanda wake. Mtanda wake ndinali ine.

Lamulungu lotsatira akulu ampingo anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti ndiyambe ndapuma kaye ku kwaya, mpaka mitima ya anthu itakhazikika. Kumjigo azimayi ankandipatsa mpata kuti nditunge msanga, osati chifukwa cha ulemu. Ana amene ndinkawaphunzitsa kuimba ankapatuka njira akandiona. Pa maliro ena a m'mudzi ndinapita kukathandiza kuphika monga mwa nthawi zonse, wina anandilanda chipande m'manja n'kunena kuti ndipume, ndatopa. Dzina la amayi linayera, kunena kwake. Anthu anayamba kunena kuti mayi uja anali wabwino, anangopusitsidwa ndi amwenye, koma mwanayo ndi amene analowa nazo mozama. Chinkhoswe cha mwana wa achemwali chinachitika bwinobwino, ndipo ng'oma zake ndinazimvera pakhonde panga.

Miyezi itatu ine ndi achemwali sitinalankhulane kupitirira moni. Nyumba zathu n'zoyang'anana, ndiye moniwo unali wa tsiku lililonse, wouma ngati chikonyo. Amati chibale ndi fupa sichiola. N'zoona, koma fupa limathanso kukuima pakhosi.

Munda wa amayi atsibweni anatigawira pakati, malire ake mzere wa chinangwa. Nandolo atauma tinapezeka tonse m'mundamo tsiku limodzi, aliyense ndi dengu lake, iwo uko ine kuno. Tinathyola mwakachetechete mpaka mizere inatifikitsa pamodzi pa chinangwa paja. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'miyezi imeneyo, ena otukwana ndithu, koma amene anatuluka ndi ochepa.

"Mpango uja munauika pamwamba ndinu."

Sanakane. Anapitiriza kuthyola.

"Ndine."

"Wina anakudzidzimutsani?"

"Iyayi. Ndinali ndekha. Ndinautulutsa, ndinauika m'chitenje mwanga, ndinafika nawo pakhomo. Kenaka ndinabwerera."

"Chifukwa chiyani, achemwali?"

Anaika dengu pansi n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anali ataonda, ndipo ndinakwiya ndi mtima wanga chifukwa unawamvera chisoni.

"Unawamva anthu pamaliro paja? Ankati njoka siifa ndi mwini wake, imapita kwa mwana. Akanatsegula sutikesi osapezamo kanthu, akanati wachotsa ndi amene anali ndi kiyi. Ndiye kuti njoka ili kwa ine, ndi kwa ana anga. Azakhali aja anandiuza m'maso muli gwa kuti akudikira tsiku lometa asanapereke yankho kwawo. Anthu ankafuna munthu mmodzi, iwe. Sakanagona asanamupeze."

"Nde munawapatsa ine."

"Ndili ndi ana aakazi atatu. Akanawakwatira ndani? Iwe ulibe woti anyozedwe chifukwa cha iwe."

Mawu amenewo ndinawamvapo kwa mwamuna wanga, kwa apongozi, kwa azimayi a kumjigo, mosiyanasiyana. Kwa achemwali ndinali ndisanawamvepo. Anandipweteka kuposa moto uja, ndipo mpaka lero amandipweteka. Choipa kwambiri n'chakuti ndinaona nzeru yake. Atsikana atatu aja ndinawasambitsa ndine ali makanda, woyambayo ndinamudula mchombo ndi manja angawa. Ndikanalola kuti anthu azindithawa kumjigo moyo wanga wonse kusiyana n'kuti iwo azilozedwa zala.

"Achemwali," ndinatero, "bwenzi mutangondiuza. Mukanabwera n'kunena kuti mng'ono wanga, pafunika wina asenze, ine ndikanasenza. Ndikanabisa kamodzi kokha, ka agwape kapena ka mvula, enawo n'kuwapatsa atenthe. Ndikanaimirira ndekha pabwalo paja n'kunena kuti ndi zanga. Mukanandipempha ndikanavomera."

Anatola dengu lawo n'kulisenza pamutu. Pamenepo ndi pamene anandiyang'ana m'maso, koyamba chiyambire tsiku lometa.

"Ndinkadziwa kuti uvomera," anatero. "Nde kukufunsa kunali kwa chiyani?"

Anatsika ndi mzere wawo kulowera kunjira. Ine ndinali ndidakali ndi mizere inayi yoti ndithyole, ndipo ndinaithyola yonse.